Kodi Mumadziwa? Saul Leiter Anatchuka Atakalamba

Kodi mumadziwa kuti mmodzi mwa anthu oyambirira kujambula zithunzi zamitundu m'misewu ya New York anadziwika padziko lonse atapitirira zaka 80?

Saul Leiter anabadwira ku Pittsburgh, ku America, mu 1923. Bambo ake anali rabi (mphunzitsi wa chipembedzo cha Chiyuda) wolemekezeka ndipo ankafuna kuti nayenso adzakhale rabi. Koma mu 1946 mnyamatayu anasiya maphunziro a zachipembedzo n'kupita ku New York kuti akakhale wopenta zithunzi. Ali komweko ndi pomwe analimbikira zojambula ndi kamera.

Masiku amenewo akatswiri ankati luso lenileni lili m'zithunzi zakuda ndi zoyera, zamitundu n'zotsatsira malonda basi. Leiter sanawamvere. Ankagula filimu yoti nthawi yake yatha chifukwa inali yotchipa, ndipo mitundu yozimiririka yomwe inkatuluka ankaikonda. Ankajambula maambulela ofiira m'chipale chofewa, matakisi achikasu, ndi anthu ooneka mwachimbuuzi kuseri kwa galasi lonyowa. Nthawi zina chinthu chakuda chimaphimba theka la chithunzi, munthu n'kungoonekera pakona, koma diso limathamangira pomwepo. Pamenepa ndi pamene pali luso lake. Zambiri mwa zithunzizi anazijambula pafupi ndi kwawo ku East Village mu New York, komwe anakhala zaka zoposa 60.

Ndalama ankazipeza pojambula zamafashoni m'magazini ngati Harper's Bazaar. Buku lake lotchedwa Early Color linatuluka mu 2006, ndipo ndi lomwe linamutchukitsa. Anamwalira mu 2013, n'kusiya zithunzi masauzande zimene zinali zisanasindikizidwe.