KODI ANAPHA AMBUYE YEZU NDANI?



Sabata Loyera layandikira. Pa Lachisanu Loyera tidzamvanso mbiri ya masautso a Ambuye athu monga anailembera Yohane Woyera, ndipo m'menemo dzina lakuti "Ayuda" limamveka kawirikawiri. M'maparishi ambiri achinyamata adzachitanso sewero la Njira ya Mtanda. Pobwerera kunyumba mwana adzafunsa kuti, "Kodi anapha Yezu ndani?" Makolo ambiri amayankha msanga kuti, "Ayuda." Ena amafika posokoneza dzina la Myuda ndi la Yudasi, popeza m'chinenero chathu maina awiriwa amamveka ngati a pachibale. Yankho limeneli si chiphunzitso cha Eklezia Katolika, ndipo lero tifuna kulongosola chifukwa chake.

Tiyambe ndi kukumbukira kuti Yezu mwini wake anabadwa Myuda. Amayi Maria ndi Yosefe Woyera anali Ayuda. Petulo, Yohane ndi Apostoli onse, amayi aja amene anaima patsinde pa mtanda, ndiponso akhristu oyamba a ku Yerusalemu, onsewo anali Ayuda. Masalimo amene timaimba pa Misa ndi mapemphero ao. Paulo Woyera, m'mutu 11 wa kalata yake kwa Aroma, akutifanizira ife anthu a mitundu ina ndi nthambi yakuthengo yomezanitsidwa pa mtengo wabwino wa olivi. Alimi a zipatso kuno kwathu akuidziwa ntchito yomezanitsa: nthambi yachilendo imamwa madzi kuchokera ku mizu ya mtengo umene yalumikizidwako. Nthambi yonyoza mizu imeneyo ikudzikonzera yokha kufota.

Nanga zinayenda bwanji tsiku lija? Ena mwa akuluakulu a ansembe ndiwo anamneneza. Gulu la anthu amene anali pabwalo la Pilato linafuula. Koma amene anagamula mlandu anali Pilato, bwanamkubwa wa Aroma, ndipo amene anakhoma misomali anali asilikali a Aroma, pakuti mtanda unali chilango cha boma la Roma. Ayuda ochuluka a masiku amenewo ankakhala ku Galileya, ku Alexandria, ku Roma ndi kwina, osadziwa nkomwe zimene zinkachitika. Makolo athu amati nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Mwambiwu umanena zoona za nsomba za m'dengu, koma Mulungu saweruza anthu motero. Iye amaweruza munthu aliyense ndi ntchito zake. Katekisimu wa Msonkhano wa ku Trent wa m'chaka cha 1566 anaphunzitsa kale kuti ochimwa onse ndiwo anapachika Ambuye, ndipo Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992 akubwereza zomwezo pa ndime 597 ndi 598.

Chifukwa chiyani tilimbikira pa nkhani ya mtundu umene ambiri a ife sitinakumane nawo? Chifukwa mau oipa amabala zipatso. Kwa zaka mazana ambiri, ku Ulaya Ayuda ankatchedwa opha Mulungu. Ankatsekeredwa m'madera aoao a m'mizinda, ankanamiziridwa kuti ndiwo abweretsa miliri, ndipo mu 1492 anapirikitsidwa m'dziko la Spain. Adolf Hitler atatenga ulamuliro ku Germany mu 1933, anabwera ndi chiphunzitso chachikunja cholambira mtundu ndi magazi, chimene Papa Pius XI anachitsutsa m'kalata yake ya 1937. Komabe chidani chakale chija chinali chitalima kale munda, ndipo pofika 1945 Ayuda pafupifupi 6 miliyoni anali ataphedwa. Mmodzi wa iwo anali sisitere wa chipani cha Karimeli, Edith Stein, amene anafera ku Auschwitz mu Ogasiti 1942 chifukwa chobadwa Myuda. Lero timamlemekeza ngati woyera.

Eklezia anasinkhasinkha zimenezi pamaso pa Mulungu. Mu 1959 Papa Yohane XXIII anachotsa liu lonyoza Ayuda m'pemphero la Lachisanu Loyera. Pa 28 Okutobala 1965, pamene dayosizi yathu inali m'manja mwa Ambuye Cornelius Chitsulo, Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata chotchedwa Nostra Aetate. Chikalatachi chikuphunzitsa kuti mlandu wa imfa ya Kristu sungaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo, kapena pa Ayuda a masiku ano, ndiponso kuti asamanenedwe ngati anthu otayidwa kapena otembereredwa ndi Mulungu. Papa Yohane Paulo II, yemwe uja anadzatichezera kuno ku Malawi mu Meyi 1989, analowa m'sunagoge wamkulu wa ku Roma pa 13 Epulo 1986, nawatcha Ayuda akulu athu m'chikhulupiriro.

Tisaganize kuti nthenda imeneyi ndi ya ku Ulaya kokha. Achikulire pakati pathu akukumbukira za Mboni za Yehova. Boma linawaletsa mu 1967, ndipo mu 1972, chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ambiri anamenyedwa, nyumba zao zinatenthedwa, ndipo zikwi za anthu zinathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia ndi kutsidya kwa malire athu ku Mozambique. Ena anatsekeredwa ku Dzaleka. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Ife Akatolika timasiyana nao kwambiri pa chiphunzitso, ndipo sitibisa zimenezo. Koma njira yake inali yomwe ija: gulu lonse lipatsidwa dzina loipa, andale aliloza chala, anansi akhala chete. Aepiskopi athu atalemba kalata yao ya nyengo ya Lenti imene inawerengedwa pa 8 Malichi 1992, anatikumbutsa kuti ulemu wa munthu umachokera kwa Mulungu, osati ku chipani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu Okutobala 2023 wailesi zinayamba kutiuza za nkhondo ya ku Gaza, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho achinyamata athu anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Pano mkhristu asiyanitse zinthu. Boma la Israel ndi boma monga ena onse: tingathe kuliyamika kapena kulidzudzula malinga ndi zochita zake. Koma kudana ndi Myuda chifukwa ndi Myuda ndi tchimo, monganso kudana ndi Mpalestina, kapena Msilamu amene timagulitsa naye mbatata pamsika, pakuti Nostra Aetate yomweyo ikunena za Asilamu mwaulemu.

Tsono inu akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati, pokonza sewero la chaka chino musalole kuti osewera ngati Ayuda asanduke zidole zosekedwa. Powerenga mbiri ya masautso, fotokozani kuti mau a gulu lija ndi mau a wochimwa aliyense. Inu makolo, mwana akafunsa, muyankheni kuti, "Yezu anadzipereka yekha chifukwa cha machimo a anthu onse, angawa ndi akowa." Ndipo pa Lachisanu Loyera, wansembe akatiitana kupempherera Ayuda, amene Mulungu anayamba kulankhula nao, tigwade ndi mtima woona.

Mulungu Wamphamvuzonse atidalitse, atisunge m'chikondi chake. Amen.