Dokotala wa Ziŵeto Akafuna Kukagwira Ntchito ku Mangalande

Lero tikamba za dokotala wa ziŵeto amene watsiriza maphunziro ake, kaya ku Bunda kuno kwathu, kaya ku sukulu ya Samora Machel ku Lusaka, ndipo mtima wake uli pa ntchito ya ku Mangalande. Makolo ambiri amayesa kuti mwana wotere, pokhala digiri ali nayo, chatsala ndi tikiti ya ndege basi. Si choncho ai.

Ku Mangalande kuli lamulo la mu 1966 loletsa munthu kugwira ntchito ya udokotala wa ziŵeto ngati dzina lake silinalembedwe m'kaundula wa bungwe la Royal College of Veterinary Surgeons, limene linakhazikitsidwa mu 1844. Bungweli limavomereza madigiri a masukulu oŵerengeka okha, monga ya Onderstepoort kufupi ndi Pretoria. Wophunzira kwina ayenera kuyamba watsimikiza kuti Chingerezi amachidziŵa bwino, kenaka aloŵe mayeso a bungwelo: oyamba olemba, achiŵiri ochita ndi manja pamaso pa omuyesa. Malipiro ake ndi okwera, ndipo owasenza tikuwadziŵa: ndi abale, mwina pogulitsa ng'ombe zomwe mwanayo anaphunzirira kuchiza.

Mayesowo ndi ovuta chifukwa ntchito ya kumeneko ndi ina. Dokotala wathu anazoloŵera chigodola, chitopa cha nkhuku, nkhupakupa za kudibi ndi chiwewe. Kumeneko chiwewe cha agalu chinatha mu 1922, ndipo madokotala ochuluka amatandala akusamala agalu ndi amphaka ogona m'nyumba, amene eni ake amawaŵerengera ngati ana. Adzafunsidwanso za akavalo, nyama imene wophunzira wa kuno mwina anaigwirapo kamodzi kapena kaŵiri.

Sindikunena kuti nzeru za kwathu nzopanda ntchito kumeneko. Mu 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anabuka m'dzikolo, ndipo ziŵeto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa pofuna kuwathetsa. Diso lozoloŵera mliri wa m'khola linali losoŵa chaka chimenecho. Komabe madokotala ambiri ochokera kunja amayambira m'nyumba zopherako nyama, kumene amadzuka m'bandakucha, kunja kukuzizira, kukayesa ziŵeto zisanaphedwe ndi kuona ngati nyama yake ili yoyenera kudyedwa.