Banja Likatha, Ana Atsale ndi Yani?

M'midzi ya m'munsi mwa Phiri la Dedza, kumene Achewa ambiri amatsata mwambo wa chikamwini, banja likatha mkamwini amatola khasu ndi nkhwangwa yake nabwerera kwawo. Ana amatsala m'mbumba ya amayi awo, m'manja mwa amalume. Kale mkazi womenyedwa akadandaula, ankhoswe ena ankangomuuza kuti apirire, pakuti ati kumenya ndi mankhwala a banja.

Malamulo a dziko satero. Lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja linapatsa mabwalo mphamvu zoteteza wozunzidwa, ngakhale kutulutsa wozunzayo m'nyumba. Lamulo la maukwati la 2015 limalola bwalo kuthetsa ukwati, ngakhale wa kwa ankhoswe, ngati wafika posakonzeka, ndipo nkhanza ndi umodzi mwa maumboni ake.

Nanga ana? Apa mwambo sulamula wokha. Potsata lamulo la ana la 2010, bwalo limaika patsogolo ubwino wa mwanayo: chitetezo, chakudya ndi maphunziro ake. Kholo lankhanza, kaya ndi bambo kaya ndi mayi, lingamanidwe ana. Koma bambo wobwerera kwawo sanatule udindo. Ayenerabe kuthandiza ana ake kufikira atakula.