Khobwe ndi Nyama Yowamba: Ndiwo Yathu Imene Inawoloka Nyanja

Mwezi wa February chaka chatha ndinakacheza kwa mmodzi wa ophunzira athu akale ku Nyimba. Atandilandira, anapepesa kuti pakhomo palibe ndiwo yoti n'kupatsa mlendo. Ndinadabwa, pakuti ndinali nditaona ndi maso anga munda wake wa khobwe utabereka bwino. Iye anandiuza kuti anagulitsa yense atangokolola, pamtengo wotsika, poopa anankafumbwe. Mwa zonse zimene ananena, mawu amene anandikhudza kwambiri ndi akuti ana ake sakonda khobwe, amati ndi ndiwo ya anthu osauka.

Mbewu imeneyi, imene kuno ku Petauke ambiri timaitcha nyemba, ndi ya kuno ku Africa. Inafika ku America m'nthawi ya malonda a akapolo, ndipo zidzukulu za anthu amene anatengedwa ukapolo zinaisunga. Mpaka lero, m'madera a kummwera kwa United States monga South Carolina, mabanja amaphika khobwe woyera wa kadontho kakuda pamodzi ndi nyama yowamba ndi mpunga. Chakudyachi amachitcha Hoppin' John, ndipo amachidya pa 1 January pokhulupirira kuti chimabweretsa mwayi. Ife sitiika chikhulupiriro chathu mu mphika, koma n'zopatsa chidwi kuti chimene ana athu akuchinyoza, anzathu a kutsidya amachilandirira chaka chatsopano.

Iwo amagwiritsa ntchito kwambiri nyama ya nkhumba. Ife a Adventist, potsata Levitiko 11, nkhumba sitidya, ndipo palibe chimene titaya, pakuti kukoma kwa ndiwoyi kumachokera ku utsi ndi mafupa. Nyama ya mbuzi, ya ng'ombe kapena nkhuku yachikuda, ikawambidwa bwino, imagwira ntchito yomweyo.

Powamba, lezani nyama kuti ikhale yopyapyala, ithireni mchere, ndipo muiyanike pa waya pamwamba pa makala a nkhuni zouma. Moto ukhale wa utsi, osati wa malawi, ndipo muzitembenuza kufikira itauma. Musasonkhezere mapulasitiki kapena matabwa opakidwa mankhwala. Nyamayo ikhale ya chiweto chanu chathanzi kapena yogula pamalo ovomerezeka. Chiweto chofa chokha musachidye, ngakhale mutachiwamba motani, chifukwa utsi supha tizilombo ta anthrax, matenda amene anavuta m'dziko lathu mu 2023. Musagulenso nyama yam'tchire imene ena amatsatsa mobisa kuchokera kuchigwa cha Luangwa. Ndi mlandu pamaso pa boma, ndiponso si khalidwe la mdindo wokhulupirika wa chilengedwe.

Kaphikidwe kake nkaka, kokwanira banja la anthu 6. Tengani makapu 2 a khobwe, musankhe miyala ndi wofumbwa, mumutsuke, ndi kumuviika m'madzi usiku wonse. M'mawa tayani madziwo. Kuviika kumachepetsa nthawi yophika, motero kumapulumutsa nkhuni, komanso kumachepetsa mpweya m'mimba. Tsukani nyama yowamba yokwana theka la kilogalamu, makamaka ya mafupa, muiduledule ndi kuibwatitsa payokha kwa ola limodzi. Ikayamba kufewa, thirani khobwe mumsuzi womwewo, madzi apitirire pang'ono pamwamba pake. Chepetsani moto kuti aziwira pang'onopang'ono kwa mphindi 45 kapena ola. Mumphika wina kazingani anyezi mmodzi ndi matimati atatu m'mafuta ochepa, kenaka muthire mu ndiwo. Mchere lawani kaye musanathire, popeza nyamayo ili nawo kale. Pomaliza, tswanyani khobwe pang'ono ndi mthiko kuti msuzi ulimbe. Soda musathire, amafewetsadi msanga, koma amawononga ena mwa mavitamini.

Anzathu a ku America amadyera ndiwoyi pamodzi ndi masamba ndi chigumu cha chimanga. Ife tili ndi nsima, ndipo masamba a khobwe yemweyo, aawisi kapena mfutso, amakwaniritsa mbale. Kwa abale amene anasiyiratu nyama, nsinjiro za mtedza wathu wa chalimbana zimalowa m'malo mwake bwino lomwe. Ndiwoyi ndi yoyeneranso Sabata: iphikeni Lachisanu madzulo dzuwa lisanalowe, muisunge pozizira, ndipo muitenthetse kufikira itawira musanadye.

Koma mphika umayambira kumunda. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a khobwe wouma ndi zakudya zomanga thupi, zimene ana athu amasowa m'miyezi ya njala. Mizu yake ili ndi timatuza mmene mumakhala tizilombo tothandiza kutenga nayitirojeni mumpweya, n'chifukwa chake chimanga chobzalidwa pamene munali khobwe chimaoneka chobiriwira. Amapiriranso ng'amba kuposa chimanga. Tonse tikukumbukira chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February 2024. Mbewu zopirira ngati imeneyi ndizo zoyenera kukhala m'munda uliwonse. Mitundu yovomerezeka monga Lutembwe ndi Bubebe ilipo. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Nanga anankafumbwe amene anaopseza mlimi uja? Umitsani khobwe kufikira njere ikamathetheka mukailuma, ndipo mumusunge m'matumba a PICS kapena m'chigubu chotseka bwino. Mpweya ukatha mkatimo, tizilombo timafa popanda mankhwala. Matumba amenewa anapangidwa poyamba ndi akatswiri a yunivesite ya Purdue ndi cholinga chosungira khobwe yemweyu.

Mlimi wa ku Nyimba uja chaka chino wasunga matumba awiri, ndipo wandiitana kuti ndikalawe ndiwo imene mayi a kunyumba kwake aphunzira kuphika. Akuti ana tsopano amalimbirana mphika. Inunso, abale ndi alongo, musanapite kumsika ndi zokolola zanu, patulani kaye chakhumi cha Ambuye, kenaka thumba la banja lanu. Chotsalacho ndicho mugulitse.