AYESA MPWEYA WA NYENYEZI NDI KUWALA

Nyenyezi ikamabadwa imalavula mpweya wamoto, wochedwa plasma, umene umathamanga moongoka ngati mubvi. Cimene cimauletsa kumwazika nciani? Kumwambako munthu sangafikeko, motero akatswiri a pa Imperial College ku London anapanga mpweyawo m'nyumba.

M'caka ca 2002 gulu la Sergey Lebedev linalengeza zimene linapeza ndi makina ochedwa MAGPIE. Linalowetsa magetsi amphamvu m'timawaya tomangidwa ngati mono. Timawayato tinapsa, ndipo mpweya unatumphuka pa liwiro la makilomita 200 pa sekondi, lokwanira kucoka ku Lusaka ndi kufika ku Chipata m'masekondi atatu.

Bvuto lagona pa kayesedwe, pakuti mpweyawo umazima munthu asanaphethire. Motero amagawa pawiri kuwala kwa laser: kwina kumapyola mu mpweyawo, kwina kumalambalala. Kukakumananso kumajambula mizere ngati ya mbidzi. Pamene mpweya wacindikala mizereyo imapindika kwambiri, ndipo kupindikako ndiko amawerengera.

Anapeza kuti mpweya wa tungsten, umene umataya kutentha msanga, umayenda mowonda kuposa wa aluminiyamu.