Momwe Ubongo Umasandutsira Phokoso Kukhala Nyimbo

Chikopa cha ng'oma chikamenyedwa chimanjenjemera n'kukankha mpweya. Mafunde a mpweyawo amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndipo akalowa m'khutu amagwedeza kachikopa kopyapyala ka m'kati. Timafupa titatu timapatsira kugwedezekako ku kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kodzaza ndi madzi. Mmenemo muli timaselo taubweya pafupifupi 15,000, ndipo uthenga umachokera apa kupita ku ubongo. Georg von Békésy, wasayansi wobadwira ku Hungary, analandira mphoto ya Nobel mu 1961 atasonyeza kuti mawu okwera amagwedeza polowera pa kachigobaka, pomwe mawu abesi amakamvekera kunsonga. Timaseloti tikafa ndi phokoso lalikulu sitiphukanso.

Ntchito ya khutu imathera pomwepa. Wosankha kuti ili ndi phokoso chabe, iyi ndi nyimbo, ndi ubongo. Mu kwaya, abambo ndi amayi akamatsata mzere umodzi wa nyimbo, mawu a amayi nthawi zambiri amanjenjemera kawiri kuposa a abambo. Mawuwo ndi osiyana ndithu, koma ubongo umawamva ngati amodzi.

Chachikulu chomwe ubongo umachita ndi kulosera. Ng'oma ikagunda kangapo, ubongo umakhala utadziwa kale pomwe igundenso, n'chifukwa chake phazi limaponda pansi nthawi imodzi ndi ng'omayo, osati pambuyo pake. Mbali za ubongo zoyendetsa thupi zimagwira ntchito ngakhale womvera atakhala phee pampando. Woimba waluso amaseweretsa chiyembekezo chimenechi: amachedwetsa pang'ono, amapatuka, kenako n'kubwerera pomwe womvera amadikira. Mu 2011 Valorie Salimpoor ndi Robert Zatorre a ku yunivesite ya McGill ku Montreal anapeza kuti munthu akamamvera nyimbo yapamtima mpaka thupi kuchita tsembwe, ubongo umatulutsa mankhwala otchedwa dopamine, omwenso amatuluka munthu akamadya chakudya chokoma. Chochititsa chidwi n'chakuti amayamba kutuluka gawo lokoma la nyimboyo lisanafike.

Koma zomwe ubongo umayembekezera zimadalira zomwe unakula ukumva. Mu 2016 gulu la Josh McDermott linafalitsa zomwe linapeza pakati pa anthu a mtundu wa Tsimane' m'nkhalango za ku Bolivia, omwe samva kawirikawiri nyimbo za azungu. Mawu ophatikizana omwe anthu a ku United States amati akugwirizana bwino, ndi ena omwe amati akuwombana, kwa a Tsimane' ankakoma chimodzimodzi. Zikuonetsa kuti zambiri zomwe anthu amazitcha kukoma kwachilengedwe ndi chizolowezi.

Chilankhulo nachonso chimasula khutu. M'Chichewa, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu pamsika amalembedwa mofanana, koma amasiyana pa kakwezedwe ka mawu, ndipo mwana amazindikira izi asanayambe sukulu. Chimandarini cha ku China chilinso chotero. Diana Deutsch wa ku California atayerekeza ophunzira zoimba a ku Beijing ndi a ku America olankhula Chingerezi, anapeza kuti luso lotchula dzina la noti pongoimva, popanda kuyerekeza ndi ina, linali lofala kwambiri ku Beijing. M'magulu onse awiri, omwe anayamba kuphunzira zoimba ali aang'ono ndiwo ankachita bwino koposa.