Sukulu Yoyamba ya Mwana Ili Pakhomo

Lero tikambirane za ana athu aang'ono, a zaka 3 mpaka 6, amene sanayambe giledi 1.

Kuyambira mu Januwale 2022, boma la Zambia linachotsa malipiro m'sukulu zake, kuyambira sukulu ya mkaka mpaka sekondale. Ichi n'chinthu choyamika. Koma taona tonse kuti ana achuluka m'makalasi, ndipo mphunzitsi mmodzi sangathe kukhala pansi ndi mwana aliyense payekha. Komanso m'midzi yambiri kuno Kummawa, kaya ku Chadiza, ku Katete kapena ku Petauke, sukulu ya mkaka ili kutali. Mwana wa zaka 4 sangayende mtunda wautali tsiku ndi tsiku, ndipo mitsinje ikadzaza m'dzinja, ngakhale akuluakulu amaima tsidya lino. Ndiye mwana ameneyu amukonzekeretse ndani? Ndife, makolo ake.

M'maiko ena, monga ku America, kuli makolo amene satumiza ana kusukulu n'komwe. Amagula mabuku n'kumawaphunzitsa okha kunyumba mpaka atakula. Sizimene tikunena pano. Mwana akafika msinkhu, apite kusukulu ndithu. Tikunena za zaka zimene mwana amakhala nafe tsiku lonse, kumunda, kudimba, kuchitsime ndi pamoto. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Ubongo wa mwana umakula mofulumira m'zaka zimenezi kuposa nthawi ina iliyonse ya moyo wake, ndipo umakula ndi zinthu zimene zili kale pakhomo pathu: chakudya, tulo, masewera ndi kucheza ndi anthu.

Choyamba ndi kulankhula naye. Ambiri a ife timalankhula ndi mwana pomutuma kapena pomukalipira basi: "Tenga mbale!" "Choka apo!" Koma mwana amaphunzira mawu atsopano munthu akamamuyankha. Akaloza mbuzi, mayi anene kuti, "Eya, ndi mbuzi, ikudya udzu. Nanga kamwana kake kali kuti?" Akafunsa chifukwa chake nkhuku zimalowa m'khola madzulo, bambo amuyankhe, ngakhale ndi mawu ochepa. Mwana amene amamva mawu ambiri pakhomo savutika kumva zimene aphunzitsi akunena, ndipo akadzayamba kuwerenga, adzapeza m'buku mawu amene akuwadziwa kale. Tisachite manyazi ndi chilankhulo chathu. Chinyanja ndi chimodzi mwa zilankhulo 7 za kuno kwathu zimene zimaphunzitsidwa m'sukulu. Mwana wodziwa bwino chilankhulo cha makolo ake amakhala ndi poyambira akadzafika pa Chingerezi.

Nthano za madzulo si zongotayira nthawi. Mwana akamamvetsera nthano, amaphunzira kukhala chete, kukumbukira chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira, ndiponso kuganiza chifukwa chake Kalulu anachita zimene anachita. Nthano ikatha, timufunse: "Ukanakhala iweyo, ukanatani?" Mawa lake ayesere kuifotokoza yekha. Zilape nazonso zimanola nzeru. Apa agogo amene sanapondeko m'kalasi angapose ngakhale munthu wa satifiketi.

Chachiwiri ndi kukonzekera kuwerenga. Mwana asanaone zilembo, khutu lake liyenera kuzolowera kumva zidutswa za mawu. Chilankhulo chathu n'chosavuta pa zimenezi, chifukwa mawu ake amalembedwa monga mmene amamvekera, ndipo amathera pa chimodzi mwa zilembo zisanu izi: a, e, i, o, u. Tiyambe ndi kuwomba m'manja. Liwu lakuti nsi-ma tiwombe kawiri, chi-ma-nga katatu, ka-lu-lu katatu. Kenako dzina la mwanayo, ndi maina a abale ake. Tsiku lina tipikisane kupeza mawu oyamba ndi "ma": madzi, makala, malaya, mango. Izi zingachitike tikuyenda kupita kuchigayo, ndipo sizifuna kuti kholo likhale lodziwa kuwerenga.

Akafika zaka 5, timuonetse chilembo choyamba cha dzina lake. Tilembe pamchenga ndi kamtengo, iye atsatire ndi chala. Ngati ife sitidziwa kulemba, mkulu wake wa giledi 4 kapena mnansi angathandize. Pepa ndi pensulo zikasowa, pansi palipo ndipo makala alipo. Akadziwa chilembocho, azichifunafuna pa thumba la feteleza, pa paketi ya shuga kapena pa chikwangwani cha kiliniki. Chilembo chimodzi pa mlungu n'chokwanira. Tisamuthamangitse.

Chachitatu ndi masamu. Timanyadira mwana akamatchula "wani, thu, fili" mpaka teni, koma kutchula manambala ngati nyimbo si kuwerengera ayi. Muyeseni: ikani miyala inayi pansi, mumuuze kuti akupatseni itatu. Ana ambiri otchula mpaka teni amangotapa yonse. Kuwerengera ndi kukhudza chinthu chimodzi pa nambala imodzi, n'kudziwa kuti nambala yomaliza ndiyo ikunena kuchuluka kwa zinthuzo. Ntchito za pakhomo zimaphunzitsa zimenezi bwino. Awerenge anthu amene adye, abweretse mbale zokwanira. Awerenge nkhuku zikamalowa madzulo. Zikakhala 7 pomwe dzulo zinali 8, wayamba kale kuchotsera. Mango 6 agawire ana atatu mofanana. Asankhe nyemba, zofiira kwina, zoyera kwina. Anene chidebe chachikulu ndi chaching'ono, nkhuni yaitali ndi yaifupi. Chiyato ndi nsolo ndi masamu enieni, ngakhale ana amaona ngati masewera chabe.

Chachinayi ndi manja. Dzanja limene silinazolowere kugwira tinthu ting'onoting'ono limatopa msanga ndi pensulo. Kutongola chimanga, kusenda nshawa, kuumba ng'ombe zadongo, kumanga mabatani a malaya, kutunga mikanda ndi kusewera masanje, zonsezi zimalimbitsa zala. Mwana akabwera ndi matope m'manja, tisafulumire kukalipa. Timufunse chimene waumba, kenako akasambe ndi sopo kapena phulusa.

Pano tichenjezane. Ntchito imaphunzitsa ikakhala ya msinkhu wa mwanayo, ndipo wamkulu ali pafupi. Kamtsikana ka zaka 6 kosiyidwa tsiku lonse ndi khanda kumsana, makolo ali kumunda, sikakuphunzira. Kakusenza katundu wa akulu. Chimodzimodzi kamnyamata kamene katumizidwa kubusa m'mawa n'kubwerako dzuwa litalowa. Kangadziwe ng'ombe zonse ndi maina, koma chaka cholembetsa sukulu chikadutsa, chinanso n'kudutsa, kamadzachita manyazi kukhala m'kalasi limodzi ndi ang'ono ake. Ana ambiri amene amayamba sukulu mochedwa amadzaisiyira panjira. Ndipo zonse tanenazi ndi za atsikana ndi anyamata mofanana.

Tinenepo za mkwapulo. Mwana amene akuopa kumenyedwa akalakwitsa amasiya kuyesa. Amangoti duu, ife n'kumati ndi wogona, pomwe ndi mantha. Kulakwitsa ndi mbali ya kuphunzira. Palibe anayamba kuyenda osagwa. Akalemba chilembo chotembenuka, zimenezo zimachitika kawirikawiri pa msinkhu umenewu. Timuyamikire poyesa, timuonetsenso. Tidziwenso kuti lamulo loteteza ana la 2022, lotchedwa Children's Code Act, limaletsa kulanga mwana pomumenya. Mwambo ukhalepo ndithu: mwana adziwe kupereka moni, kulandira chinthu ndi manja awiri, kudikira mnzake amalize kulankhula, kupepesa. Koma izi amatengera kwa ife. Bambo ndi mayi akamatukwanana pamaso pake, limenelonso ndi phunziro, ndipo amaligwira msanga kuposa zilembo.

Thupi nalo lili ndi mbali yake. Mwana wanjala, wodwaladwala malungo kapena wa njoka zam'mimba sakhala ndi mphamvu zophunzirira. Phala la m'mawa tiziikamo nsinjiro kapena ufa wa soya. Pa nsima pasasowe ndiwo zamasamba monga nkhwani kapena bonongwe, ndipo dzira, nyemba ndi kapenta zikapezeka, mwana asakhale womalizira kulandira. Agone mu neti usiku uliwonse. Khadi la kusikelo tisalitaye mwana akangoyamba kuyenda. Ndi la mpaka zaka 5, ndipo kumeneko ndi kumene amalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka. Ngati mwana satembenuka tikamuitana kumbuyo, khutu likutuluka mafinya, kapena wafika zaka 2 osatchula mawu, tipite naye kukiliniki msanga m'malo monena kuti ndi wamwano kapena walodzedwa.

Bungwe la WHO linalangiza mu 2019 kuti mwana wa zaka 3 kapena 4 azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, kuphatikizapo tulo ta masana, ndiponso kuti wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku akuonera foni kapena TV. Masiku ano mafoni ndi masola afika m'midzi, ndipo n'kosavuta kupatsa mwana foni kuti atonthole. Koma foni siyankha mafunso ake, ndipo siona nkhope yake.

Abambo, ntchito iyi si ya amayi okha. Pokonza njinga, mwana awerenge mawilo ndi kukupatsirani sipanala. Popita kudimba, atchule mbewu zimene akuona. Agogo, musadzione ngati nthawi yanu inatha. Timoteo, mnzake wa Paulo pa ntchito ya uthenga wabwino, anadziwa Malemba kuyambira ali wamng'ono, ndipo amene amatchulidwa pa chikhulupiriro chake ndi agogo ake a Loisi ndi amayi ake a Yunike. Anayambira pakhomo. Pemphero la madzulo ndi nyimbo imene banja limaimbira pamodzi zimaphunzitsa mwana kumudziwa Mulungu, komanso kumvetsera ndi kusunga mawu pamtima.

Mwina wina akuti, "Nthawi ndiipeza kuti, ntchito ili thoo?" Sitikupempha kuti tisiye khasu. Mwana wamng'ono sakhazikika nthawi yaitali; mphindi 10 kapena 15 zokhala naye pansi n'zokwanira, zina zonse zimalowa mu ntchito imene tikugwira kale. M'mawa awerenge makapu. Panjira tiwombe m'manja zidutswa za mawu. Masana aumbe ndi kusewera ndi anzake. Madzulo nthano ndi pemphero. Mabanja oyandikana angathenso kugwirizana kuti mayi kapena gogo mmodzi azikhala ndi ana pansi pa mtengo masiku ena pa mlungu, mosinthana. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mwana wokonzeka kuyamba sukulu si amene akuwerenga kale buku ayi. Ndi amene amatha kunena dzina lake, la makolo ake ndi la mudzi wake, amamvetsera nkhani mpaka kumapeto, amawerengera zinthu mpaka 10 akuzikhudza, amagwira pensulo, amapita kuchimbudzi yekha n'kusamba m'manja, ndipo saopa kufunsa akapanda kumva. Chaka chisanathe, tipite kwa aphunzitsi aakulu a sukulu yapafupi, khadi la mwana lili m'manja, tikafunse za kalembera. Tisadikire kuti Januwale atipeze tili m'munda.

Tipemphere. Atate wathu wakumwamba, ana awa ndi anu, ife mwangotisungitsa. Tipatseni mtima wodekha pamene tatopa, mawu abwino pamene takwiya, ndi nzeru zoona mpata wophunzitsa m'ntchito zathu za tsiku ndi tsiku. Dalitsani makomo athu ndi aphunzitsi amene adzalandire ana athu. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu. Amen.